Poponda Phazi Lamanzere

Mlamu wake anali atagwada pakati pa pichi ya kriketi, pensulo ili kukhutu, pamene Mphezi anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula kapu ya tiyi.

"Alamu, mwabwera bwino. Tapondani tepiyi pa mzere woyerawo."

Mphezi anaponda. Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo ake m'manda, koma laimu wa mzerewo anali akadali mbee, ngati wopakidwa dzulo. Mlamu wakeyo anali mmisiri womanga nyumba, munthu wopanda chifukwa ndithu, kungoti maso ake akaona malo opanda kanthu ankayamba okha kuwerenga zipinda. Anakoka tepi chobwerera m'mbuyo mpaka chidendene chake chinagunda lata lakale limene linali kumapeto ena a pichiyo, litapsinjidwa ndi njerwa zinayi m'makona.

"Zipinda zitatu ndi bafa zikwana popanda vuto," anatero akulemba pachikhatho. "Koma dothi ili, alamu! Ndagogoda ndi hamala, likulira ngati simenti. Madala ankathirapo chiyani?"

"Thukuta," anayankha Mphezi.

Mlamuyo anawerama kuti asunthe lata lija. Asanaligwire n'komwe, zenera la kukhitchini linatseguka.

"Latalo lisiyeni momwemo!"

Anali mayi ake a Mphezi. Chiyambire maliro anali asanakwezepo mawu, moti mlamuyo anabweza dzanja ngati wagwira chitsulo chamoto.

Dzina lenileni la malemuwo linkangopezeka pa makalata. Aliyense ankawatchula kuti a Kapinga, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anali wosamalira bwalo la kriketi pa kalabu ya kutsidya kwa msewu waukulu. Anthu ena akaweruka amasiya ntchito kuntchito, koma a Kapinga ayi. Anatutira dothi lamakande kunyumba pa wilibala, n'kudzipangira pichi yawoyawo kuseri, yotalika ndendende ngati ya ku kalabu. Kumapeto kwake anazika timitengo titatu ta mawiketi, ndipo pa mpanda anapachika matiresi akale oti mpira uziombapo. Mabanja ena kuseri kwa nyumba amabzala masamba. Banja ili linkalima dothi loti pasamere kanthu.

M'chipinda chochezera, mlongo wake wa Mphezi, mkazi wa mmisiri uja, amene anali namwino, ankalongedza m'katoni makapu obwereka. Mayi anabwera n'kukhala pa mpando wawo. Mpando wa malemu aliyense ankaulambalala.

"Achimwene, mawa mukunyamuka, ndiye tikambirane lero," anatero mlongo wakeyo. "Amayi sangakhale okha muno. Shuga wawo mukumudziwa, kapena simukumudziwa, kaya. Ine kuweruka, kukwera mabasi awiri kudzawabaya jakisoni, n'kukweranso awiri kubwerera kwa ana, sindingathe chaka chonse. Tikamanga kuseriko ndiye kuti ndili pompano."

"Zimenezo n'zoona," anatero mayi. "Koma bambo anu ananena ali bwinobwino, ananenanso ali pa bedi kuchipatala, kuti kuseriko n'kwa Mphezi. Khasu lisagwepo iye asanalole."

"Kumbani," anatero Mphezi. "Olo lero lomwe."

Mayi anamuyang'ana kwa kanthawi. "Wayankhatu msanga, ngati funsoli unkagona nalo pansi pa pilo."

"Mwamva nokha, amayi, mwiniwake walola," anatero mlongo wake, akuika kapu m'katoni mwamphamvu kuposa mmene kapu imafunira. "Mwiniwake! Zaka khumi ndi ziwiri munthu kumabwera pano ngati wowerenga mita ya madzi, moni moni, wapita. Wowatembenuza pa bedi ndinali ine. Wowamwetsa madzi ndi supuni ndinali ine. Koma pofika mawu omaliza, dzina lotuluka n'la achimwene."

Mphezi anadziwa kuti zonsezo zinali zoona.

"Yankho la m'mawa sindilandira," anatero mayi akudzuka. "Undiyankhe dzuwa likapendeka."

Chakukhosi cha Mphezi chinali ndi tsiku lake lobadwa, ndipo iye ankalikumbukira kuposa lake lomwe.

Anayamba kuponya mpira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, pa pichi yomweyi. Bambo ake anakhomera chitsekerero cha botolo pansi pafupi ndi geti. Kuchokera pamenepo ankathamanga masitepe khumi ndi asanu ndi awiri, kudutsa m'mbali mwa nyumba, kupitirira mpopi, mpaka pa mzere woponyera.

"Liwiro silichokera m'dzanja," ankatero a Kapinga. "Dzanja ndi wantchito chabe. Liwiro limayambira ku geti, n'kumaunjikana m'miyendo. Ndiye phazi lamanzere likaponda, bondo liwongoke ngati mzati, thupi lonse lidutse pamwamba pake. Bondo likangopinda, liwiro lonse lathawira m'dothi."

Anamuphunzitsa kuika zala ziwiri pamwamba pa msoko wa mpira, chala chachikulu pansi, ndi kukoka mkono wamanzere ngati akutsitsa chingwe cha belu. Anamuphunzitsanso kuwerenga tsiku asanagwire mpira. Mphepo yochokera kumsana ndi bwenzi, yochokera kumaso ndi mlamu wovuta. Mame amasandutsa mpira sopo. Dothi louma, lolimba, limabweza mpira uli wolusa, pamene lofewa limaumeza n'kuulavula utatopa. Pofika zaka makumi awiri ndi ziwiri mnyamatayo anali atapata dzina lakuti Mphezi, ndipo omenya mpira a makalabu ena ankayamba amanga bwino zipewa zawo zolimba asanamuyang'ane kumaso.

Kenako kunabwera osankha osewera a timu yadziko. Mayeso anachitikira pa bwalo la a Kapinga lomwelo. Anthuwo anabwera ndi kachipangizo koyezera liwiro konga ka apolisi a pamsewu, ndipo ananeneratu kuti akufuna munthu wofika makilomita 140 pa ola. Mphezi sanade nkhawa. Nambala imeneyo anali ataidutsapo kangapo.

Tsikulo kunacha ndi mitambo. Pa mpira woyamba, phazi lamanzere litaponda linatsetsereka, Mphezi n'kutsala pang'ono kugwa chafufumimba. Kuyambira pamenepo mantha analowa m'bondo, ndipo bondo lamantha silimva zonena za mwini wake. Anayamba kufupikitsa sitepe yomaliza, kuponda monyengerera. Kachipangizo kaja kanati 124, kenako 121. Mpira ukagunda pansi unkadzuka mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo, womenya n'kumangoutumiza kumpanda mosavutika. Bambo ake anathamangira pabwalo kawiri ndi chitini cha utuchi n'kuwaza poponda phazi paja, koma sizinathandize. Itatha mipira khumi ndi iwiri, osankha aja analemba zolemba zawo n'kuitana wina.

Mphezi anawerama n'kudinikiza chala chachikulu pa dothi. Chinalowa. Mwezi wathunthu mvula inali isanagwe, ndipo kiyi wa mpopi wa pabwalo ankasunga munthu mmodzi yekha.

Anawalalatira bambo ake pamaso pa anthu, pafupi ndi shedi ya zipangizo. "Mwandipha dala! Mukufuna ndikalambire pano ndikukankha rola yopsinjira dothi ngati inu!" A Kapinga anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Anangoti, "Dzuwa silinatuluke, mwanangu." Mphezi anawamva ngati mawu a munthu wosowa chonena. Mwezi usanathe anapeza ntchito yoyendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, ndipo mpira sanaugwirenso.

Masana a tsiku loyeza malo lija kunabwera a Magolovesi, mnzawo wa malemu. Mkuluyu anatha unyamata wake wonse akuwakha mipira kuseri kwa mawiketi, mpaka zala zake zinapindika, chilichonse kuloza kwake. Ananyamula katoni ya zinthu zimene a Kapinga anasiya mu shedi ya ku kalabu: chipewa, mpira wakale wofiira, ndi chitini cha utuchi. Atapereka moni m'nyumba anamupeza Mphezi kuseri, atakhala pa rola yaing'ono ya simenti imene bambo ake anaumba okha.

"Sendera, nanenso ndikhale," anatero a Magolovesi. "Ndamva kuti pano pakubwera zipinda."

"Eya."

"Zabwino. Anthu amagona m'zipinda, sagona pa pichi." Anasisita mawondo. "Koma iwe, tsiku lija, umaganiza kuti chinachitika n'chiyani?"

Mphezi sanafunse kuti tsiku liti. "Anathira madzi."

"Anathiradi. Paipi ndinagwira ndine."

Mphezi anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Usandiyang'ane choncho, ndine wokalamba, ndingagwe pa rola pano. Tamvera kaye. Bambo ako unkawadziwa. Makaputeni ankabwera kudzawanyengerera. Uyu akuti a Kapinga, tisiyireni kaudzu, tili ndi oponya mwaliwiro. Uyo akuti a Kapinga, umitsani ifike pong'aluka, tili ndi opotokola mpira. Iwo yankho linali limodzi."

"Pichi ilibe m'bale," anatero Mphezi. Mawuwo anatuluka okha.

"Basi. Zaka zonsezo, pichi ilibe m'bale. Ndiye madzulo oti mawa mayeso, dzuwa lisanalowe, akundipeza. Akuti bwanawe, tandigwirira paipi. Ine ndikuti a Kapinga, madzi omaliza munathira kale Lachiwiri, mwaiwala? Akuti sindinaiwale. Akuti tikathira pang'ono lero, m'mawa dzuwa likangoomba ndipitapo ndi rola yolemera, pofika teni koloko pamwamba pauma gwa, pakuwala. Mpira wa mwanayu uzikafika pachifuwa cha munthu asanauone. Akuti anthu amenewa adziwe kuti ndinabala chiyani."



"Mwezi wonse kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo kongodutsa," anapitiriza a Magolovesi. "Ndani akanadziwa? Kunacha kuli bii. Ndinawapeza sikisi koloko ataima pakati pa bwalo, maso ali kumwamba, ngati munthu wodikira basi imene yadutsa kale. Madzi aja anali atayenderera mpaka pa mzere, pomwe iwe umaponda. Anayesa kupukuta ndi masaka, anayesa utuchi. Madzi akatayika saoleka, mwanawe."

"Ndiye bwanji sananene?" anafunsa Mphezi. "Zaka zonsezi, bwanji sanandiuze?"

"Anene kuti chiyani? Kuti ine wa pichi ilibe m'bale ndinakonzera mwana wanga mayeso? Ntchito ikanatha tsiku lomwelo, iwenso dzina lako likanada, bwenzi mpaka lero akukutchula mwana wokonzeredwa pichi. Komanso iwe unawapatsa mpata? Ukabwera unkakhala m'mphepete mwa mpando, kiyi wa thiraki ali m'manja." A Magolovesi anapukusa mutu. "Anandilumbiritsa kuti ndisanene. Koma ine ndinalumbira kwa munthu wamoyo. Munthu anapatuka kamodzi kokha moyo wake wonse, ndipo kupatuka kwakeko kunagwera amene ankafuna kumukweza. Zinkawadya, iwe. Zinkawadya kuposa matenda aja."

Mphezi anayang'ana pansi. Zaka khumi ndi ziwiri ankayenda ndi mawu aja m'misewu yonse, akuwatembenuza uku ndi uku pa chiwongolero, ndipo nthawi zonse ankawapeza opanda pake. Dzuwa silinatuluke, mwanangu. Mkulu uja anali ataulula zonse pomwepo, chipewa chili pachifuwa, kungoti woululiridwayo anali atatseka makutu. Anamva manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chimene sichinamufikire ngakhale kumanda.

Anadzuka n'kupita pa lata paja. Anachotsa njerwa imodzi imodzi, n'kulinyamula. Pansi pake dothi linali louma, losalala, losesedwa bwino. Mzere woponyera unali woyera kuposa wa uko kwa mawiketi. Anagwada n'kudinikiza chala chachikulu ndi mphamvu zake zonse, koma sichinasiye ngakhale kachizindikiro.

"M'mawa uliwonse ankavundukula kuti paombe dzuwa, madzulo n'kuvundikira."

Mayi ake anali ataima pakhomo la kukhitchini. Kumbuyo kwawo kunali mlongo wake, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Mvula ikayamba, zovala zanga zinkanyowa pachingwe, iwo ali kalikiliki ndi lata," anapitiriza mayi. "Ndikawanena ankati, mayi a ana, mwana akadzabwera apeze pouma. Atagonekedwa kuchipatala ntchitoyo anandisiyira ine. Ndikangolowa mu wodi, moni asanayankhe, funso linali lakuti mwavundikira?"

"Komatu ndinkabwera, amayi."

"Unkabwera. Koma kuseri kuno sunafikeko."

Mphezi anapita pa katoni paja n'kutenga mpira wofiira uja. Unali wakale, koma mbali imodzi inali yopukutidwa mpaka kunyezimira. Zala zake zinapeza msoko zokha. Anayenda m'mbali mwa nyumba, kupitirira mpopi, mpaka ku geti. Chitsekerero cha botolo chinali pomwe paja, koma sichinali chakale chija. Chinali chatsopano, chopanda ndi dzimbiri lomwe.

Mlamu wake, amene ankamangirira makwerero pa galimoto yake panja, anasuzumira pa geti. "Alamu, mukutani?"

"Tapatukani pang'ono."

Ananyowetsa chala n'kuchikweza. Kamphepo kankachokera kumsana. Anayamba kuthamanga. Sanalinso mnyamata uja. Anali bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa mimba ya pa chiwongolero, ndipo pofika pa mpopi chifuwa chinali chitayamba kale kudandaula. Koma miyendo inakumbukira kuwerenga. Khumi ndi asanu, khumi ndi asanu ndi imodzi. Analumpha, mkono wamanzere unakoka chingwe cha belu, phazi lamanzere linaponda.

Dothi linamugwira.

Mpira unagunda pakati pa pichi, n'kudzuka molusa, kudutsa pamwamba pa mawiketi n'kukaomba matiresi aja kuti phu, fumbi la zaka zambiri n'kutuluka. Sinali mphezi yoti osankha timu angaimirire nayo pa mipando. Koma phazi silinasunthe ngakhale pang'ono.

"Bondo linawongoka," anatero a Magolovesi chapansipansi, ali pa rola paja. "Akanaona akanati bondo linawongoka."

Mphezi anaima pakati pa pichi atagwira m'mawondo, akupuma mwawefuwefu. Misozi inkagwera pa dothi, ndipo sanavutike n'kuibisa. Mpira umodzi wokhawo ndi umene mkulu uja ankaudikira zaka khumi ndi ziwiri. Ukanatheka tsiku lililonse limene iye ankaimika thiraki panja n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Unkangofuna masitepe khumi ndi asanu ndi awiri.

Atawongoka, dzuwa linali litapendeka, ndipo kumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Amayi, yankho lija," anatero. "Mlongo wanga amange."

"Walingalira bwino?"

"Ndalingalira. Pichiyi inkadikira munthu mmodzi, ndipo munthuyo wafika mochedwa. Inu musakhale muno nokha n'kumadikira ngati mmene anadikirira bambo." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Iwe unalipo. Ine kunalibe. Malowa ndi ako."

Mlongo wake anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anangoti, "Achimwene inunso," n'kupukuta m'maso ndi nsalu ya mbale ija. Mlamu wake anakanda m'mutu ndi pensulo, akuoneka kuti sakudziwa ngati asangalale kapena apepese.

"Ndiye anyamata ndiwauze abwere m'mawa ndi mapiki?" anafunsa mosamala.

"Auzeni."

Dontho loyamba linagwera pa rola, lachiwiri pa dazi la a Magolovesi. Mlongo wake anathamangira kuchingwe kukaanula zovala, mlamu anathamangira kukatseka mawindo a galimoto. Mphezi anapita pomwe anagoneka lata lija, analikoka, n'kuligwetsa pamwamba pa mzere woponyera, akuliwongola kuti m'mbali musatsale mpata.

"Alamu, musavutike!" anakuwa mlamu wake ali pakona ya nyumba, jekete lili kumutu. "Ikanyowetsa ndiye bwino, mawa tikumba pofewa!"

Mphezi anaika njerwa yoyamba pakona, yachiwiri, yachitatu, mvula ikumutsikira m'khosi. Atatambasula dzanja kufuna yachinayi, anapeza mayi ake ataima pambali pake pamvulapo, ataigwira kale ndi manja awiri.